Mimba ya Woweruza Kapena Pakamwa pa Woimbidwa Mlandu?

Aliyense amene anaphunzirapo fiqh ya madhhab a Imam Shafi'i m'madrasa a kunyanja kuno, kuyambira ku Mtakataka ndi Mua mpaka ku Golomoti, akudziwa kuti mutu wa maweruzo umabwera chakumapeto kwa buku. Timaufika titatopa, chaka chikutha, ndipo timaudutsa mothamanga poganiza kuti m'dziko lathu mulibe makhoti a ma qadhi. Komabe muli Hadith imodzi imene siiwalika, yochokera kwa Abu Bakra (Allah asangalale naye), yomwe ili mwa Bukhari ndi Muslim. M'menemo Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) analetsa woweruza kugamula pakati pa anthu awiri ali wokwiya. Ma ulama anayerekezerapo njala, ludzu, tulo ndi matenda.

Zaka zaposachedwapa Hadith imeneyi yapeza mnzake woyenda naye. Ophunzira amabwera ndi nkhani ya pa foni yoti akatswiri anapeza kuti majaji akamva njala amauma mtima. Ena mwa ife tainenapo nkhaniyi m'kalasi ngakhalenso pa mimbari, n'kumaliza ndi mawu oti sayansi yavomereza zimene Mtumiki ananena zaka 1,400 zapitazo. Ifenso olemba nkhani ino tinateropo. Tsopano tabwerera kwa kafukufukuyo kuti timuwerenge monga timawerengera Hadith, kufunsa amene anaona, amene anauza mnzake ndi zimene zinasiyidwa, kenako timuike pambali pa zomwe zachitika m'makhoti a Malawi. Tapeza kuti tinagwira Hadith ina pamene umboni ukuloza ku ina.

Zimene kafukufukuyo ananena

Mu 2011, Shai Danziger, Jonathan Levav ndi Liora Avnaim-Pesso anasindikiza zotsatira zawo m'magazini ya sayansi ya ku America yotchedwa PNAS. Anaunika zigamulo 1,112 za majaji 8 a ku Israel, amene ankamva zopempha za akaidi, makamaka ofuna kutuluka m'ndende nthawi yawo isanathe. Tsiku la ntchito linkagawidwa patatu, pakati pake pali nthawi ziwiri zopuma ndi kudya. Kumayambiriro kwa gawo lililonse, zopempha pafupifupi 65 mwa 100 zinkavomerezedwa. Chiwerengerocho chinkatsika pang'onopang'ono mpaka kutsala pang'ono kufika pa ziro, ndipo majaji akabwerako kopuma chinkakweranso kufika cha pa 65.

Choyamba chofunika kuchizindikira n'chakuti ofufuzawo sanayeze njala ya munthu aliyense. Anangoona nthawi imene mlandu unamvedwa ndi m'mene unathera. Mawu oti "jaji wanjala" anatchuka pambuyo pake m'manyuzipepala ndi m'mabuku ofotokozera anthu wamba. Mwa chinenero cha akatswiri a Hadith, awa ndi mawu a wosimba amene alowerera m'nkhani yeniyeni.

Chachiwiri, kafukufukuyo waima pa mwendo umodzi: kuti milandu inkabwera mosasankha, ngati mbewu za m'lichero. Chaka chomwecho Keren Weinshall-Margel ndi John Shapard anatsutsa zimenezi atafunsa maloya, jaji ndi ogwira ntchito kundende. Anapeza kuti majaji ankayesetsa kumaliza akaidi a ndende imodzi asanapume, ndipo pa gulu lililonse akaidi opanda loya nthawi zambiri ankaikidwa kumapeto. Akaidi oterewa zopempha zawo sizinkavomerezedwa kawirikawiri, kaya ndi m'mawa kaya ndi masana. Olemba oyambawo anayankha kuti kusiyanako kumatsalabe ngakhale nkhani ya maloya itawerengeredwa, ndipo yankho lawo n'loyenera kulimva. Koma mu 2016 Andreas Glöckner anaonetsanso chibowo china. Kuvomereza pempho kumatenga nthawi yaitali kuposa kulikana, choncho jaji amene akuona kuti nthawi yopuma yayandikira amapewa kuyamba mlandu wooneka wautali. Zimenezi zokha zikhoza kujambula mbali yaikulu ya chithunzi chija popanda njala kulowererapo.

Chachitatu chikutikhudza ife mwachindunji. Mu 2023, Sultan Mehmood, Avner Seror ndi Daniel Chen anasindikiza kafukufuku wa milandu pafupifupi theka la miliyoni ya ku Pakistan ndi India. Anapeza kuti m'mwezi wa Ramadhan majaji achisilamu amamasula oimbidwa mlandu ambiri, makamaka m'zaka zimene maola osala amatalika. Mphunzitsi amene dzulo anati njala imaumitsa mtima wa jaji, lero atani ndi umboni woti kusala kumaufewetsa? Asankhe wina n'kubisa wina?

Zimene ma faqih ananena

Vuto limeneli si la ma faqih, ndi lathu. Imam al-Nawawi, yemwe anamwalira mu 1277, anatchula mu Minhaj al-Talibin kuti n'zonyansidwa kuweruza munthu ali wokwiya, ali ndi njala yopitirira, atakhuta mopitirira, kapena ali mumkhalidwe uliwonse woipitsa khalidwe lake. Onani kuti kukhuta kuli pomwepo limodzi ndi njala. Akatswiri a usul al-fiqh, monga Imam al-Ghazali, anagwiritsa ntchito Hadith ya Abu Bakra pophunzitsa kafufuzidwe ka illa, chifukwa chenicheni cha lamulo. Illa yake si mkwiyo pawokha, ndi kusokonezeka kwa maganizo kumene kumalepheretsa woweruza kuuona mlandu wonse. Njala imalowa m'lamuloli pokhapokha ikasokoneza. Wosala amene mtima wake wakhazikika sali m'gulumo, pomwe wokhuta amene akuwodzera alimo.

Ma ulama ambiri anatinso chigamulo choperekedwa mu mkwiyo chimaima ngati chagwirizana ndi choonadi. Ena anatchulapo mkangano wa madzi othirira pakati pa Zubair ibn al-Awwam ndi mnansi wake wa ku Madina, pamene Mtumiki anagamula nkhope yake itasintha ndi mawu achipongwe a munthuyo, ngakhale ena anati kutero kunali kwa Mtumiki yekha poti iye ndi wotetezedwa. Apa tikuona kuti ma faqih anachenjeza za ngozi, koma sananene kuti mimba ndiyo imagamula milandu. Tikamangirira Hadith yotsimikizika ku kafukufuku amene mawa akhoza kugwa, timaika wophunzira pangozi yoganiza kuti Hadith yagwera limodzi.

Pali Hadith ina, yochokera kwa mayi wa okhulupirira Umm Salama (Allah asangalale naye), yomwenso ili mwa Bukhari ndi Muslim. Mtumiki anauza okangana kuti iye ndi munthu, ndipo mwina wina mwa iwo angakhale wodziwa kuyala mfundo zake kuposa mnzake, iye n'kumugamulira molingana ndi zomwe wamva. Anachenjeza kuti wolandira cha m'bale wake mwanjira imeneyo walandira chidutswa cha moto. Tiyeni tibwerere ku Israel ndi Hadith imeneyi m'manja. Mfundo imene mbali zonse sizikuikana ndi yakuti mkaidi wopanda womulankhulira zinkamuvuta kupambana. Nkhani ya chakudya yatsala pa mkangano, ya pakamwa yaima. Ndipo mbiri ya makhoti athu ikunena zomwezo mokweza.

Umboni wa kwathu kuno

Mu 1969, boma la Dr Kamuzu Banda, litakwiya ndi m'mene High Court inathetsera mlandu wokhudza kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe mu Blantyre, linasintha lamulo n'kupatsa makhoti a miyambo mphamvu yozenga milandu yakupha, kenako ya kuukira boma. M'makhoti amenewo munkakhala mafumu, ndipo woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Orton ndi Vera Chirwa anagamulidwa kuti aphedwe m'khoti lotere mu 1983. Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, milandu yakupha inabwerera ku High Court, kumene inkazengedwa ndi jaji pamodzi ndi gulu la anthu wamba 12 lotchedwa jury, lomwe limanena ngati munthu walakwa kapena ayi. Chaka cha 2010 chisanafike, unduna wa zachilungamo unaimitsa jury pa milandu yakupha, ndipo chifukwa chomwe chinkamveka chinali cha kuchedwa kwa milandu ndi ndalama.

Funso loti kodi anthu wamba amagamula mosiyana ndi jaji linafufuzidwapo kwina. Mu 1966 Harry Kalven ndi Hans Zeisel a ku University of Chicago anatulutsa buku la The American Jury. Anapempha majaji kuti pa mlandu uliwonse alembe zimene jury yagamula ndi zimene iwo akanagamula. Pa milandu 3,576, mbali ziwirizi zinagwirizana pa 78 mwa 100, ndipo posiyanapo jury ndiyo inkakonda kumasula. Bukuli lili ndi chofooka chake, poti anayankha ndi majaji okhawo amene anafuna, ndipo tikumva liwu la jaji yekha. Koma likutiphunzitsa kuti funso lotere limayankhika pokhapokha wina atalemba pa nthawi yake.

Chinthu chofanana kwambiri ndi kuyesa kwa sayansi m'makhoti a Malawi chinachitika mosakonzekera. Mu April 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, High Court inagamula kuti lamulo lokakamiza jaji kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha n'losemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Mu 2010 Supreme Court, pa mlandu wa Yasini, inati onse amene anagamulidwa pansi pa lamulo lakalelo ayenera kumvedwanso. Kumvako kunayamba mu 2015. Akuluakulu anati mlandu suwola. Bungwe la Malawi Human Rights Commission linatsogolera ntchitoyi, ndipo alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI anayenda m'midzi kukafunsa abale, mafumu ndi mabanja a ophedwa. Anabwera ndi zimene khoti loyamba silinamve: msinkhu wa munthuyo pa nthawi ya mlandu, matenda a maganizo, mkangano umene unayambitsa zonse, khalidwe lake asanamangidwe ndi atamangidwa. Milandu yoposa 150 inamvedwanso. Palibe amene anapatsidwanso chilango cha imfa, ndipo ambiri anatuluka.

Anthu ndi omwewo, milandu ndi yomweyo, khoti ndi lomwelo, koma zotsatira zinatembenuka. Chimene chinasintha n'chakuti lamulo linalola jaji kumva, ndipo panapezeka munthu wokanena. Tisathamange, komabe. Zaka zambiri zinali zitadutsa, akaidiwo anali atalangidwa kale, ndipo dziko linali lisananyonge munthu kuyambira 1992, choncho sitinganene kuti kusintha konse kunabwera ndi umboni watsopano. Koma ngakhale titachotsapo zimenezo, chotsalacho n'chachikulu kuposa chilichonse chimene nthawi ya nkhomaliro ingafotokoze. Ntchito yomweyi inaululanso kuti mafayilo a milandu yambiri anali atasowa, moti majaji ena anaganizira za moyo wa munthu popanda zolembedwa za m'mene anazengedwera poyamba.

Cornell Center on the Death Penalty Worldwide pamodzi ndi PASI anatulutsa lipoti la maganizo a mafumu pafupifupi 100 pa chilango cha imfa, ndipo ambiri mwa iwo anachikana. Lipotilo lili ndi phindu chifukwa likumvetsa mawu a anthu amene kawirikawiri safunsidwa. Koma mutu wake womwe ukuvomereza kuti anafunsidwa ndi mafumu okhawo amene midzi yawo inakhudzidwa ndi ntchito yomvanso milandu ija, ndipo ofunsawo ndi a mabungwe amene anathandiza akaidiwo. Mfumu imene yalandira mwana wake kuchokera ku ndende ya Zomba, n'kufunsidwa ndi amene anathandiza kumubweza, si chitsanzo cha mafumu onse a Malawi. Wolitchula lipotili ngati liwu la mafumu a dziko lonse akuchita zomwe ife tinachita ndi majaji a ku Israel. Muyeso ukhale umodzi, kaya zotsatira zikutikomera kaya ayi.

Pali chosokoneza china chimene makolo athu m'chipembedzo ankachiopa kuposa njala, ndicho mthunzi wa wolamulira. Imam Abu Hanifa anakana udindo wa uqadhi m'nthawi ya khalifa al-Mansur ndipo anazunzika nako mpaka imfa yake mu 767. Katswiri wa ndale Peter VonDoepp anasonkhanitsa zigamulo za milandu ya ndale ya ku High Court ya Malawi ndi Zambia, n'kufufuza ngati chigamulo chimasintha pamene mlandu wakhudza zofuna za olamulira. Buku lake, Judicial Politics in New Democracies, linatuluka mu 2009, ndipo likuonetsa kuti majaji sagamula ngati anthu osaona mphepo ya ndale. Koma pa 3 February 2020 majaji asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha mu May 2019. Chiwerengero chimatiuza kumene mtsinje umakonda kulowera, sichilamula jaji aliyense payekha. Ndi chifukwa chake woweruza amakhalabe ndi mlandu pamaso pa Allah.

Bwalo lathu la pamkeka

Milandu yambiri ya anthu a kuno sikwera Khwekhwerere kupita ku boma la Dedza. Imathera kwa ankhoswe, kwa nyakwawa, kubwalo la mfumu, kapena pakhonde la mzikiti pamene shehe ndi akuluakulu amamva nkhani za nikah, talaka, kusamalira ana ndi chuma cha masiye. Kuyambira 2015 lamulo la maukwati la dziko lino limazindikira maukwati achipembedzo, choncho zimene zimakambidwa pakhondepo zimakhudza miyoyo ya anthu ngakhale si khoti. Bwalo la ku Mtakataka linadziwika kunja kwa dziko pamene Inkosi Theresa Kachindamoto, amene analowa ufumu mu 2003, anathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuimitsa mafumu ang'onoang'ono amene ankawalekerera. Zimenezi zinadziwika chifukwa zinawerengedwa. Nanga zathu ndani akuziwerenga?

Takhalapo pa mikeka imeneyi ndipo tikudziwa m'mene zimayendera. Nkhani ya bambo wodziwika, wobwera ndi abale ake odziwa kulankhula, imayamba m'mawa kukadali kozizira. Mayi wamasiye amene wabwera yekha, kapena ndi amalume ake okalamba, amadikira pansi pa mtengo mpaka Swala ya Asr itayandikira, dzuwa la October litawawula aliyense. Akayamba kufotokoza amauzidwa kuti afupikitse. Ngati samva Chiyao bwino ndipo akuluakulu akambirana m'Chiyao, kapena mwamuna wake waponya mawu awiri a Chiarabu amene iye sangawayankhe, mlandu watha usanayambe. Palibe amene anakonza kumupondereza, ndipo tonse timachoka tikukhulupirira kuti taweruza mwachilungamo. Chimenechi n'chomwe kafukufuku wabwino amatha kuonetsa: chizolowezi chimene woweruza sangachione pa mlandu umodzi, koma chimaonekera milandu 50 ikaikidwa pamodzi.

Kulemba zigamulo si mwambo wobwereka. Al-Kindi, wolemba mbiri ya olamulira ndi ma qadhi a ku Egypt amene anamwalira mu 961, anasimba kuti Sulaym ibn Itr, qadhi wa m'nthawi ya Mu'awiya, ndiye anayamba kulemba chigamulo chake kumeneko. Anatero pamene olowa chuma cha masiye anakana zomwe anawagamulira n'kubwereranso kwa iye. Kalata yotchuka ya Umar ibn al-Khattab kwa Abu Musa al-Ash'ari imalangiza qadhi kuwalinganiza okangana pa kakhalidwe ndi pa kayang'anidwe, ndiponso kusachita manyazi kubwerera ku choonadi ngati wazindikira kuti dzulo analakwa. Munthu angabwerere bwanji ku chigamulo chimene sanachilembe?

Chitsanzo tili nacho pafupi. Ansembe a White Fathers atafika ku Mua mu 1902 ankalemba za tsiku ndi tsiku m'mabuku a mishoni. Ian Linden anagwiritsa ntchito zolemba zoterezi m'buku lake la 1974 lonena za Akatolika ndi Achewa m'nthawi ya atsamunda, ndipo lero mikangano ya mishoni ndi Nyau timaidziwa makamaka kudzera m'cholembera cha mbali imodzi. Amene analemba ndiye akumveka mpaka lero. Asilamu a m'mbali mwa nyanja takhala tikuthetsa milandu kwa zaka zoposa 100, ndipo zambiri mwa izo zinapita ndi amene anazigamula.

Choncho tikupempha zochepa. Mzikiti uliwonse umene umamva milandu ukhale ndi kope lake losungidwa mwachinsinsi. Mulembedwe tsiku, nthawi yoyamba ndi yomaliza, mtundu wa mlandu, chinenero chimene chagwiritsidwa ntchito, amene analankhulira mbali iliyonse, chigamulo ndi umboni wake wa mu Shariya. Milandu imvedwe motsata amene wayamba kufika, monga mabuku a fiqh amanenera, osati motsata ulemu. Wobwera yekha apatsidwe womuthandiza kuyala nkhani yake. Chaka chikatha, ophunzira akuluakulu awerenge kopelo mayina atabisidwa, n'kufunsa kuti ndani amapambana, ndani amamvedwa komaliza, ndani amabwereranso. Mwina adzapeza kuti tikuchita bwino, mwina ayi, ndipo kukonzeka kulandira yankho lililonse ndiye chiyambi cha kufufuza.

Kwa aphunzitsi anzathu, nkhani ya majaji a ku Israel isachotsedwe m'kalasi. Iphunzitsidwe yonse, pamodzi ndi oitsutsa, pamodzi ndi ya Ramadhan ndi ya Kafantayeni, kuti wophunzira azolowere kufunsa chiwerengero mafunso omwe amafunsa wosimba Hadith. Ndipo pofika pa mutu wa maweruzo chaka chino, Hadith ya Umm Salama iwerengedwe pambali pa ya Abu Bakra. Woweruza adye, apume, adekhe, monga analangizira ma ulama. Akatero ayang'ane pansi pa mtengo paja, aone amene akudikirabe. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.